Matesiti a Kettie

A Anock Chimphepo anali munthu woti ukawafunsa nthawi, amayamba ayang'ana kaye kudenga. Ine Jemima ndine wosachedwa kupsa mtima, ndimadzidziwa, ndiye kundikhazika tebulo limodzi ndi munthu wotere kunali kundiputa dala. Ndinayamba kugwira nawo ntchito mu 2008, pa kakampani kopanga mapulogalamu a pakompyuta, kuseri kwa sitolo ina ku Nsungwi, ku Area 25. Tinalipo atatu basi: bwana wathu a Adamu, a Anock ndi ine. Ine ndinkachokera ku Kawale, kukwera kutsika maminibasi m'mawa uliwonse. Iwo ankangobwera wapansi, nsapato zili mbuu.

Makolo awo anali a ku Ntcheu, koma iwo anakulira ku 25 komweko, bambo awo akunyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Kompyuta anaidziwira mu ofesi ina kumene ankathandiza kutaipa, ndipo atangoigwira sanaisiyenso. Akazi awo, a Kettie, anakumana nawo kukwaya. Awiriwa ndi amene anapanga pulogalamu imene inkatidyetsa tonsefe, ya kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza. Antchito a kampaniyo ankalowa pa intaneti n'kumaona katundu amene walowa ndi amene watuluka m'nyumba yosungiramo.

Pulogalamu yotere imakhala ndi tizigawo totchedwa makontirola. Munthu akadina batani pa tsamba, kontirola ndi amene amalandira pempholo, n'kuona ngati munthuyo ali ndi chilolezo, kenako kumupatsa chimene wafuna kapena kumubweza. Ndiye pamakhalanso matesiti, timapulogalamu tating'ono todziyesa munthu, timene timagogoda pa kontirola aliyense kuona ngati akuyankha bwino. Zonse zikakhala bwino, pa sikirini pamatuluka mzere wobiriwira. China chikalakwika, mzerewo umafiira.

Matesiti athu onse analembedwa ndi a Kettie. Tsiku limene ndinawatsegula koyamba, abale inu, mutu unandiwawa. Tesiti iliyonse inkayamba ndi mizere imodzimodzi: panga wantchito dzina lake Vaileti, mpatse pasiwedi, mlowetse m'pulogalamu. Kenako kamzere kamodzi kapena tiwiri ta chimene tesitiyo ikufunadi kuyesa. Tesiti yotsatira, Vaileti yemweyo, pasiwedi yomweyo, kulowa komweko. Ndinatsika nawo mpaka chala kutopa, Vaileti yekhayekha, mazanamazana.

Ndinawauza a Anock tsiku lomwelo kuti izi n'zosavuta kukonza. Mizere yobwerezedwayo timailemba kamodzi, pamalo amodzi, ndipo tesiti iliyonse imangoitana pamenepo. Tsiku lina kalowedwe kakadzasintha, tidzakonza pamodzi pomwepo basi. Anayang'ana kudenga, n'kunena kuti akudziwa, koma tizisiye kaye. Patapita mwezi ndinabwerezanso, yankho lomwelo. Ndinayamba kuganiza kuti ndi ulesi, koma munthu waulesi safika pa ntchito mlonda asanachoke.

Chifukwa chake ndinachiona ndekha. Tinali ndi pulogalamu ina yosunga mbiri ya ntchito yathu, imene inkaonetsa dzina la amene analemba mzere uliwonse. Nthawi ya nkhomaliro, ine ndikudya tchipisi changa, a Anock ankatsegula matesitiwo n'kumatsika nawo pang'onopang'ono, osakonza kanthu. M'mbali mwa mzere uliwonse munali dzina: Kettie, Kettie, Kettie.

A Kettie anapita ku UK mu 2006. Ankati n'kasukulu ka chaka chimodzi. Sukulu itatha anapeza ntchito yosamalira nkhalamba, ndipo chaka chimodzi chija chinabala zinzake. Ponyamuka anawauza amuna awo kuti matesitiwo anawalemba mothamanga akuphunzira kumene, asawakhudze, adzawakonza okha akabwera. A Anock anangogwira mawu amenewo.

Ndinapitapo kunyumba kwawo kamodzi a Anock atadwala malungo, kukawasiyira malalanje. Patapata za a Kettie zinali pakhomo, zoyang'ana m'nyumba. Yunifomu yawo ya kwaya inali pahang'ala, yosita bwinobwino, itakutidwa ndi pepala la pulasitiki. Mayi wina woyandikana nawo anandinong'oneza kuti amaichapa Khirisimasi iliyonse. Ndinamva chisoni, komanso ndinakwiya, sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani.

Ndiye mu 2009 kampani ya feteleza ija inatsegula nyumba ina yosungiramo katundu ku Dedza. Tsopano wantchito aliyense polowa ankayenera kusankha kaye kuti ali ku Kanengo kapena ku Dedza. Titangosintha zimenezo, mzere uja unafiira psuu. Matesiti onse anagwa, chifukwa Vaileti wa m'tesiti iliyonse ankalowa mwachikale, osasankha malo.

A Adamu sanachulutse mawu. Anati mwezi ukamatha matesitiwo akhale akugwira ntchito, apo ayi tiwataya onse, Jemima alemba atsopano. Popanda matesiti sitikanayerekeza kupereka pulogalamu kwa eni ake, ndipo nyengo yogula feteleza inali itayandikira.

Mukuganiza kuti a Anock anatani? Anayamba kutsegula tesiti imodziimodzi, n'kumawonjezera pamanja kamzere kosankha malo pansi pa mizere ya akazi awo, kuti ya a Kettie isasunthe. Magetsi akazima ankadikira, akayaka n'kupitiriza. Sabata inatha, yachiwiri n'kulowa, asanafike ngakhale pakati. Maso anali atafiira, ndipo chifukwa chotopa anayamba kulakwitsa, tesiti yokonza dzulo lero yagwanso.

Tsiku lina masana zinandikwana. Ndinawauza kuti ntchito ya tsiku limodzi akuisandutsa ulimi wa chaka, kuti mapeto ake ataya zonse, wotsala sadzakhalapo ngakhale mzere umodzi. Ndinawauzanso, Mulungu andione, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndinkayembekezera kuti akwiya. Iwo anangochotsa manja pa kiyibodi.

“Achemwali, Vaileti mukumudziwa?”

Ndinati ndi dzina longopeka, lingakhalenso la ndani.

“Ndi dzina limene tinagwirizana kuti tidzapatsa mwana wathu woyamba akadzakhala wamkazi. Kettie ankati pomwe tikumudikira, aziyamba walowa muno.”

Ine wolongolola uja ndinangotuluka kukaima panja, kuyang'ana anthu akugula tomato.

Mawa lake anandiuza kuti Lamlungu, a Kettie akaimba foni monga ankachitira mwa apo ndi apo akaweruka kutchalitchi, awafunsa. Akalola, matesitiwo awaphatikiza. Sakanatha kugwira ntchito ya mwini wake mwini wakeyo osadziwa.

Lolemba anafika mochedwa, chinthu chimene sichinachitikepo. Anakhala pansi, kuyatsa kompyuta, n'kuyamba kufotokoza osandiyang'ana. Akuti a Kettie anaseka, n'kufunsa ngati kapulogalamu kaja kakadalipo. Anati zimenezo anaziiwala kalekale, kompyuta masiku ano amangoigwira polemba imelo, afufute zonse asavutike. Za kubwera anati aona chaka chamawa, monga ananenera chaka chatha. A Anock atanena kuti chowavuta n'chakuti Vaileti ali paliponse m'matesitimo, a Kettie anafunsa kuti Vaileti wake uti.

Ndinafuna kutukwana, koma ndikanatukwana ndani? Munthu ali kutali, amadzuka mumdima kukasambitsa agogo a eni ake, mwina mutu wake unadzaza ndi zina. Ndinangofunsa ngati ndiwathandize. Anakana, amvekere achita okha.

Ndipo anachitadi, ine ndili pambali. Anatenga mizere ya m'tesiti yoyambirira yeniyeni, imene a Kettie analemba asanayambe kukopa n'kumata, n'kuiika pamalo akeake. Anawonjezerapo kusankha malo. Kenako anayamba kufufuta mizere yobwerezedwa ija, m'malo mwake n'kumaika kamzere kamodzi koitana pamalo paja. Atatha izo anaonanso kuti kontirola aliyense anali ndi tesiti yofanana, yoona ngati munthu wosalowa ndi pasiwedi akubwezedwa, ndipo nazonso anaziphatikiza kukhala imodzi yoyendera makontirola onse. Ntchito anaidziwa bwino munthu uja, kuposa ine, ndipo n'zimene zinkandipweteka kwambiri. Zaka zonsezi akanatha kuichita tsiku lililonse.

Dzuwa lisanapendeke anali atamaliza. Mafayilo amene unkatsika nawo mpaka kutopa tsopano ankakwana pa sikirini imodzi. Anayendetsa matesiti, tinadikira, mzere unatuluka wobiriwira. A Adamu anasuzumira, n'kuti mwaona, sizinali zovuta, n'kubwerera kukaimba foni yawo.

A Anock anasunga ntchitoyo, kenako anatsegula pulogalamu ya mbiri ija. Ndinkadziwa chimene akaone, chifukwa mzere ukausuntha umatenga dzina la wausunthayo. M'mbali mwa mizere ya Vaileti munali Anock, Anock, Anock. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, ine ndikuganiza kuti mwina lero munthuyu alira, kapena apita kunyumba kukachotsa patapata zija pakhomo.

Anatsika pang'ono mpaka pamene panali dzina la Vaileti, limene tsopano linkapezeka kamodzi kokha m'pulogalamu yonse. Analoza ndi chala pa sikirini.

“Komabe zakhala bwino, achemwali. Ali pamalo amodzi tsopano. Mayi ake akadzabwera sadzavutika kumufunafuna.”