Chingerezi cha Eliécer Chawola

Eliécer Mosquera, wowotcherera zitsulo wa mumzinda wa Cali, wakhoza mayeso a Chingerezi kawiri konse. Poyamba analemba TOEFL, n'kudzamva mochedwa kuti osamukira ku Canada amafunika IELTS. Analembanso amenewo, nakhoza. Koma satifiketi yake imagwira ntchito zaka ziwiri zokha, pomwe mapepala ake a ulendo atha zaka zitatu osayankhidwa.

"Ndiye mulembanso, madala?" anafunsa mkazi wake Nubia, akutembenuza arepa, kamkate ka ufa wa chimanga, pachiwaya.

"Chingerezi chikadali m'kamwa mwangamu, mayi."

"Cha m'kamwacho akuchifuna ndani? Cha papepala chinawola mwezi watha."

Eliécer anatsitsa buku lake lokonzekera mayeso pamwamba pa firiji, n'kulisasa fumbi. Ndevu zake zinali zitachita kale imvi, koma tsamba loyamba linkamufunsabe dzina lake.