Bulugamu wa Abambo, Mafuta a Amalume

Amalume anandilanda sukulu ya sekondale popanda kugwetsa mtengo ngakhale umodzi. Chimene ndinatsala nacho ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa komatuka pepala, kotsekera ndi kachidutswa ka chitsononkho. Mafuta amene anali m'menemo anauma kalekale, koma fungo silinachoke. Ndikakatsegula, mphuno zimazizira mpaka m'kati mwa mutu, kenako ndimakwiya.

Mitengoyo inali ya abambo. Iwo anali mkamwini, kwawo ku Chiosya, anadzakwatira kwathu ku Mkanda. Chaka chimene anamwalira, ine ndili Sitandade 5, anabzala bulugamu kuseri kwa munda wa mtedza, m'magawo anayi olekanitsidwa ndi tinjira. Gawo lililonse analipatsa dzina: Fomu Wani, Fomu Thuu, Fomu Firii, Fomu Folo. Ankati ndikadzapita ku sekondale tizidzagulitsa gawo limodzi pachaka kwa anthu omanga zigafa za fodya, fizi izidzachokera m'menemo. "Polo ndi kutalika ndi kuwongoka basi," ankatero. "Ingoisiyani ikwere." Ine ndi amene ndinkathirira mbande ndi chigubu, ndi kuthira phulusa m'tsinde kuopa chiswe. Pofika Sitandade 8 mitengo ija inali itapitirira denga la tchalitchi, yowongoka ngati choko.

Kenako linafika dzinja lija la korona, sukulu zitatsekedwanso. Amene analipo akukumbukira. Mudzi wonse unkanunkha bulugamu wowiritsa. Munthu akangotsokomola kawiri ankamukhazika pa mphika wa madzi owira, kumufunditsa bulangete, n'kumutulutsa ali thukuta kamukamu ngati wachoka kolima. Ena ankaonjezera ndimu, ena masamba a gwafa. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inayoyoledwa mpaka pamene dzanja limafika.

Aphunzitsi athu a sayansi anali mayi wa ku Mulanje, amene boma linawatumiza kuno kopanda mbale wawo aliyense. Chimfine chitawagwira anandituma masamba, popeza ankadziwa za mitengo ya abambo. Ndinawapeza pakhonde atadzikulunga chitenje. Anatenga tsamba limodzi, n'kundiuza kuti ndiliyang'ane molunjika dzuwa. Linali ndi timadontho tambirimbiri towala, ngati lobooledwa ndi singano. Anati timeneto ndi timatumba ta mafuta, ndipo chimene chimanunkhira m'mafutamo dzina lake ndi yukaliputolo. Anandinenetsa dzinalo mpaka lilime linazolowera. Kenako anatulutsa kabotolo kogula ku Lilongwe, kochepa ngati chala, kamene mtengo wake ukanagula nkhuku. Anthu a m'tauni, iwo anatero, amadontheza mafutawa m'madzi otentha, pa mpango kapena pa pilo, kuti mphuno zitseguke ndi kuti mutu upepuke.

"Sachiritsa korona," anandiuza. "Amangothandiza kupuma. Ndipo osamwa, ndi poizoni m'mimba."

Nditafunsa kuti amawatulutsa bwanji m'tsamba, anaseka mpaka kutsokomola. "Monga mmene amatchezera kachasu kwanuko. Nthunzi imanyamula mafuta, ikazizira mafuta amayandama pamwamba."

Ndinakafotokoza zonsezi kunyumba, dzina lovuta lija ndi zina zonse. Sindidziimba mlandu pa zimenezo. Mwana akaphunzira chinthu amakanena kwawo, ndiyo ntchito ya sukulu. Vuto linali loti pabwalo panali amalume, mchimwene wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, amene anali ndi diramu yotchezera kachasu kudambo.

M'mawa mwake tinali kudamboko ndi thumba la masamba. Anawaponda m'diramu, kuthira madzi, kumata chivundikiro ndi dothi. Paipi inadutsa m'tayala lakale lodzaza madzi ozizira. Tinadikira, utsi wa nkhuni zonyowa ukutilowa m'maso. Poyamba kunadontha madzi oyera ngati a mpunga. Kenako pamwamba pake panayamba kuyandama kanthu kachikasu pang'ono, kopyapyala. Amalume anakawengula ndi supuni, kununkhiza, maso n'kufiira pompo. Galu wawo anayetsemula n'kuthawira m'chimanga. Thumba lathunthu linatulutsa mafuta osadzaza kapu ya tiyi.

"Dokotala wathu uyu," anatero akundigwira paphewa. Palibe munthu wamkulu anali atanditamako chiyambire maliro a abambo.

Mabotolo tinkatola kudzala la kuchipatala n'kuwatsuka ndi mchenga. Amalume ankapita nawo kuboma pa njinga, kwa anamwino, makalaliki ndi akazi a apolisi, anthu amene ankaopa kwambiri matendawa chifukwa ankamvera wailesi. Mabotolo ena ankatengedwa ndi anyamata odutsa malire kupita ku Chipata. Amalume sankanena zoti mafutawo amangotsegula mphuno ayi. Ankati ndi mankhwala a korona, ndipo dzina lija ndinawaphunzitsa ankalitchula molakwika koma mokweza, anthu n'kumagula.

Diramu inkadya masamba kuposa mbuzi. Nthambi za m'munsi zinatha msanga. Tsiku lina amalume anaima pakati pa Fomu Wani, manja m'chiuno, akuyang'ana m'mwamba kumene kunatsala nsonga zobiriwira. Anati tidule pakati, pa msinkhu wa denga la nyumba. Tipeza masamba onse a kumwamba nthawi imodzi, ndiponso pachodulapo paphuka anthete ambiri pafupi ndi manja.

Amayi analankhula kamodzi kokha. "Achimwene, mitengoyo alamu anu anasiyira mwanayu."

"Alamu anabzala pa nthaka ya yani?"

Amayi anatenga ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale madzi analipo m'nyumba.

Ine ndinafunsa ngati mitengoyo siifa. "Bulugamu safa, mphwanga," anatero amalume. "Ukamudula pamodzi amaphuka pawiri." Sananame. Ndi chimene ndimadana nacho kwambiri pa iwo: amadziwa kunena zoona zimene zimagwira ntchito ya bodza.

Wokwera ndinali ine, chifukwa ndinali wopepuka. Ndinkamanga chikwanje m'chiuno ndi luzi, n'kukwawa pa khungwa loterera ndi mvula. Mtengo unkawerama nane uku ndi uku. Ndikafika pamene andiuza ndinkakola miyendo n'kuyamba kutema pamwamba pa mutu wanga, tizibanthu tikundigwera kumaso, mpaka nsonga yonse inkalira, kupendekeka, n'kugwa ndi mkokomo. Pachodulapo pankatsala poyera, ponyowa, ponunkhira kwambiri moti ndinkachita chizungulire. Ndili pamwambapo ndinkaona mapiri a ku Zambia ndi malata a kusukulu kwathu. Manja anachita matuza, matuzawo n'kuphulika. Khungu langa, malaya, ngakhale mphasa yanga zinkanunkha chipatala, ndipo anzanga ankandithawa pa mpira akuti ndikuwaliza.

Ndinali wokondwa. Ndinene zimenezo mosabisa. Amalume anandigulira nsapato zakaunjika ndipo ankandibweretsera mandasi akamachokera kuboma. Tinamaliza Fomu Wani, tinalowa Fomu Thuu, ndipo ine ndinkaseka nawo akamanena kuti dokotala akukhoza makalasi mofulumira.

Mvula itasiya, mantha a anthu anasiyanso. Anamwino anayamba kudandaula kuti mafuta athu amanunkha utsi. Mabotolo anayamba kubwerera osagulidwa. Amalume anatsuka diramu n'kubwerera ku kachasu, ndipo kwa masabata angapo zidakwa zinkadandaula kuti akuzimwetsa mankhwala a chifuwa. Amalumewo sanataye kanthu. Pakhomo pawo panali pataima njinga yamoto, imene mwana wawo wamkulu amayendetsa kabaza mpaka lero. Pa magawo anayi aja panalibe mtengo wotsala ndi mutu.

Sukulu zinatsegulidwa, ndinalemba mayeso, ndinakhoza. Dzina langa linatuluka ku sekondale yogonera konko. Aphunzitsi a ku Mulanje aja anabwera okha pa njinga kudzandiuza. Ndinathamangira ku mitengo, osadziwa kuti ndikauze ndani.

Amayi anaitana bambo wina wa esiteti ya fodya amene anagwirizana ndi abambo anga kalekale za mapolo. Anafika ndi ngolo. Anayenda m'kanjira ka pakati pa Fomu Wani ndi Fomu Thuu, mutu uli m'mwamba. Mitengo inali itaphukadi monga ananenera amalume. Pa chodula chilichonse panali chipwirikiti cha tinthambi towonda tolimbirana dzuwa, ngati matsache oimikidwa chadodolido. Bamboyo anagogoda thunthu limodzi ndi chikwanje. Linalira ngati ng'oma. Madzi a mvula anali atalowera pachodula n'kuwoletsa mtima.

"Ndani anathena mitengoyi ngati fodya?" anafunsa.

Ine ndinali nditavala nsapato zija.

"Mayi, izi ndi nkhuni," anatero, n'kubweza ngolo yopanda kanthu.

Mawu akuti kuthena aja ndi amene anandivutitsa pambuyo pake. Mlimi aliyense wa fodya amadziwa chifukwa chake amadula nsonga: kuti mbewu isiye kukwera, mphamvu ipite m'masamba. Amalume alima fodya chibadwire changa. Sanalakwitse. Ankafuna masamba, anapeza masamba.

Nthawi imeneyo sindinaganize choncho. Ndinapita kwa iwo ndi kalata ya kusukulu, ndikukhulupirira kuti dokotala wawo sangamukanize. Anaiwerenga, kuipinda bwinobwino, n'kundibwezera. Anati njinga yamoto ikufuna tayala, ndipo sukulu sithawa, chaka chamawa iliponso. Ine ndinatenga mpeni n'kubwerera ku mitengo. Ndinkakwera umodziumodzi, kusadza tinthambi tonse n'kusiya kamodzi kowongoka, kukamangirira ku ndodo ndi luzi kuti kakhale mutu watsopano teremu isanathe. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti inakadzula tonse. Nkhuni zimene tinagulitsa kwa owotcha njerwa sizinakwane ngakhale matiresi.

Pano ndimanyamula matumba a anthu pa njinga pafupi ndi malire. Chaka chamawa chija sichinafikebe. Amalume akadali moyo, ndi akuluampingo tsopano, ndipo tikakumana pamaliro amandifunsa kuti ndikwatira liti. M'sitolo ina ya mankhwala kuboma ndimaona timabotolo tija pashelufu, tolembedwa Chingerezi chimene ndimatha kuwerenga theka lokha.

Pali tsiku limodzi la m'dzinja lija limene limandibwerera kuposa ena onse. Mvula inandipeza pamwamba pa mtengo, ndipo pofika masana chifuwa chinali chitanditseka. Amayi anandigoneka pakhonde, anasakaniza madontho a mafuta aja ndi mafuta odzola, n'kuyamba kundisisita pachifuwa ndi kumsana. Dzanja lawo linali lokhakhala, mafutawo ozizira ngati madzi a m'mawa, ndipo mpweya unayamba kulowa. Ndinawauza kuti ndikadzakhala dokotala weniweni ndidzawamangira nyumba ya malata. Misozi inkatsika m'masaya mwawo ndipo sanaipukute. Ine ndinaseka. Ndinati, "Amawawa m'maso eti, amayi? Muziyang'ana kumbali." Anayang'anadi kumbali, n'kupitiriza kusisita, kuti mawa ndidzathe kukweranso.

Amalume ali ndi ngongole yanga ya zaka zinayi. Amayi sindinadziwebe kuti ndiwawerengere zingati.