Mmene Ndinavotera ndi Chala cha Amayi

Mbiri ya dziko lathu ikadzalembedwa bwinobwino ndi anthu osakondera, ine ndidzapezeka pakati pa omenyera ufulu wa anthu wamba. Ndikunena izi modzichepetsa. Nkhondo yanga ndinaimenya miyezi inayi, ndili chigonere pa sofa ku Rongai, kunja kwa mzinda wa Nairobi, foni ili pa chaja, ndipo pamapeto pake ndinakopa munthu mmodzi. Munthuyo ndi amene anandibereka.

Ndiyambe ndi kuulula. Mpaka ndinakwanitsa zaka makumi anayi ndisanavotepo. Sikuti ndinali ndi mfundo yozama ayi. Ku koleji ndinaphunzirako za ndale chaka chimodzi ndi theka, kufikira pamene aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti aliyense ayende yake, ndipo chimene ndinatolako n'chakuti tsiku la chisankho ndi holide. Anzanga akandanda pa mzere dzuwa likuswa mtengo, ine ndinkachapa jinzi ndi kuyanika nsapato. Wina akandifunsa ndinkangoti, "Onse ndi amodzi awa," uku ndikupukusa mutu ngati munthu amene anawerenga mabuku ambiri. Mawu amenewa ndi abwino zedi. Ndi aafupi, safuna umboni, ndipo pa bawo amakupatsa ulemu.

Ku Nairobi ndinabwera pa mapepala a mayi a kunyumba. Iwo ndiye anamaliza sukulu, ndipo bungwe lina la mayiko ambiri linawalemba ntchito. Pa chikalata changa analembapo kuti ndine wodalira wina, ndipo sindinaone chifukwa chokanganira ndi boma la eni pa nkhani yoona. Ntchito yanga ndi kuperekeza mwana wathu kusukulu, kugula ndiwo zamasamba, ndi kukonza makompyuta a Amalawi anzathu a ku tchalitchi, amene amandithokoza ndi mawu akuti Ambuye akudalitseni.

Anthu akuno ndale amazidya ngati ndiwo. M'matatu, minibasi zawo zaphokoso zija, ukakwera ku Rongai kupita m'tauni jamu ya magalimoto n'kukugwirani, kondakitala amakulongosolera bajeti ya dziko uku akukupatsa chenji. Koma amene anandisautsa ndi wometa wanga, bambo wadazi amene sakhulupirira kuti munthu wamoyo angakhale wopanda mbali. Amanditchula kuti Malawi.

"Malawi, phungu wa kwanu ndani?" anandifunsa tsiku lina m'Chiswahili chake chothamanga, makina akulira pafupi ndi khutu langa.

"Ndi bambo wina wake," ndinatero.

"Dzina lake?"

"Ali nalo."

Anazimitsa makina. Anaitana wogulitsa nyama wa khomo loyandikana kuti adzaone munthu wosadziwa phungu wake. Awiriwo anandiyang'ana ngati nkhuku ya miyendo itatu, ine mutu uli wometa theka. Ndinatulutsa chida changa chakale, ndinati onse ndi amodzi.

"Chabwino," anatero wometa, akuvula nsalu m'khosi mwanga. "Pita choncho. Mbali yometa ndi yosameta, zonse ndi zimodzi."

Manyazi ndinachita, koma manyazi sasintha munthu amene anabwezedwa ku koleji. Tinawazolowera. Chimene chinandisintha ndi foni ya mlongo wanga.

Kwathu, pakati pa mudzi wathu ndi kumene kuli sukulu, chipatala ndi msika, pali mtsinje. Mlatho wake unakokoloka zaka zapitazo, ndipo chiyambire pamenepo andale akhala akubwera kudzajambulitsa pa chigwembe chomwecho atavala zipewa za amisiri. Dzinja la chaka chimenecho mlongo wanga anali woyembekezera, ndipo matenda anayamba mtsinje utadzaza. Anachirira patsidya la kumudzi kwathu, pansi pa mkuyu, amayi atatambasula chitenje kutchinga anthu amene ankadikira kuti madzi aphwe. Mwana anakhala moyo, make anakhalanso moyo. Mlongo wangayo ankandifotokozera akuseka, monga timachitira ife tikapulumuka. Ine kuseka kunandikanika. Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali ndikuyang'ana mapiri a Ngong, ndikukumbukira zisankho zimene ndinathera pa beseni lochapira ndi pa bawo. Zinali zisanu.

M'mawa mwake ndinadzuka ndili munthu woopsa. Ndinayamba kumvera wailesi zakumudzi pa intaneti. Ndinawerenga malonjezo a zipani zonse, ngakhale a chipani china chimene ndikukhulupirira kuti mamembala ake onse amakwana pa njinga imodzi. Ndinaloweza mayina a onse opikisana pa uphungu ndi ukhansala kwathu, ndi kumene aliyense anakwatira. Pa gulu la pa foni la abale ndinkatumiza uthenga usanu pa tsiku, mpaka amalume anandichotsamo mwaulemu, ponena kuti gululo ndi la maliro ndi maukwati. Mayi a kunyumba anapirira sabata ziwiri.

"Abambo," anatero tsiku lina tikudya, "pamene ndinkakupemphani kuti mundiperekeze kovota munkati chiyani?"

"Munthu amasintha."

"Asinthe, koma asamasinthire pa tebulo. Mwana akufunsa ngati khansala ndi m'bale wathu."

Lamulungu lina, titatuluka m'tchalitchi m'tauni, pamene Amalawi timaima pamasitepe n'kumafunsana za kumudzi, ndinalengeza kuti chaka chino ndikuvota. Ndinayembekeza kuti wina aombe m'manja. Mkulu wina wa mpingo, amene wakhala kuno zaka zambiri, anandikokera pambali.

"Achimwene, mukavotera kuti?"

"Kumene amavotera Amalawi akuno."

"Kulibe kumeneko. Ife akunja sitivota. Munayenera kukalembetsa kumudzi, ndipo kalembera anatseka kale. Munali kuti nthawi yonseyi?"

"Ndinali ndisanatembenuke mtima."

Anandigwira paphewa monga amagwirira anamfedwa. Zaka makumi awiri voti inali kundidikira pa sukulu ya kwathu, mtunda woti munthu amafika tiyi asanazizire kunyumba. Tsopano ndinkaifuna ndi mtima wonse, ndipo inali kuseri kwa dziko lonse la Tanzania.

M'matatu pobwerera ndinapeza nzeru. Ndinali ndi amayi. Amayi anaphunzitsa Sitandade 2 mpaka kupuma, ndipo chiyambire mavoti a zipani zambiri sanajombepo. Ankalawira ndi kampando kawo, n'kukhala oyamba pa mzere, n'kumawongola mzere wa anthu akuluakulu ngati ana a sukulu. Ndinaona kuti ntchito yanga ndi yochepa: kungowalozera pochonga. Ndinawaimbira madzulo omwewo.

"Chaka chino sindipita," anatero amayi.

Ndinaganiza kuti ndi netiweki. "Mwati bwanji, amayi?"

"Ndati sindipita. Kulembetsa ndinalembetsa chifukwa anabwera pa tchalitchi pompano. Koma kovotera ndi kutsidya. Madzi aphwa, inde, koma chigwembe chija kutsika ndi kukwera, maondo anga awa? Ndavota mokwana, bambo. Mdzukulu wanga wabadwira pamchenga. Onse ndi amodzi awa."

Sindinadziwe kuti mawu amenewa ndi onyansa chotero mpaka nditawamva m'kamwa mwa amayi. Kwa ine anali mawu a ulesi. Kwa iwo anali mawu a munthu amene wagonja, ndipo amayi sindinawaonepo atagonja, ngakhale pa maliro a abambo. Kuyambira pamenepo za mlatho ndi za zipani zinatsika. Ndinkangofuna kuti apite.

Koma ndinayamba molakwika, monga munthu wa chaka chimodzi ndi theka. Lamulungu lililonse ndinkawaimbira ndi mfundo zolemba pa pepala: udindo wa nzika, mphamvu ya anthu wamba, za anthu amene anavutika kuti ufuluwu ubwere. Amayi ankamvetsera mwakachetechete, ndipo ndinkanyadira. Lamulungu lachitatu ndinamva tambala akulira pafupi kwambiri, kenako tsache likusesa chapatali. Ndinazindikira kuti foni amaisiya pawindo n'kumapitiriza ntchito zawo. Sabata zitatu ndinakhala ndikuphunzitsa nkhuku za demokalase.

Kutatsala masiku anayi ndinaimbanso, wopanda pepala.

"Amayi, musaike foni pawindo."

Anaseka pang'ono. "Wayamba kuchenjera. Ndikufunse funso limodzi, mwana wanga, poti wasanduka mlaliki. Iwe unavotapo kangati?"

Iwo ankadziwa za ulendo umodzi. Chaka china ndili pakhomo, nditangobwerako ku koleji kuja, anandithamangitsa kuti ndikavote, ndipo madzulo ndinawaonetsa chala chakuda.

"Kamodzi kaja," ndinatero. Kenako ndinaona kuti bodza la zaka zambiri chotero layamba kununkha. "Ayi, amayi. Sindinapite. Ndinakhala ku bawo tsiku lonse. Pobwera ndinatenga kabotolo ka jivi kamene munkatipaka pa zilonda, n'kuviikamo chala."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Unaviika chala chachikulu. Kovota amaviika chamkombaphala. Komanso unathimbiriritsa pilo wanga, ndipo kabotolo unakasiya kosatseka. Ndinaphunzitsa ana zaka makumi atatu, iwe ungandinamize ndi jivi?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Unali utangobwezedwa kusukulu. Unkayenda ngati nkhuku yonyowa. Ndinati ndikamuchititsanso manyazi pa ichi, atsala ndi chiyani? Ndinati adzapita yekha tsiku lina."

Panja matatu inkaimba hutala, wina akukuwa kuitanira anthu a m'tauni.

"Tsiku lija lafika, amayi," ndinatero. "Ndikufuna kupita koma sindingathe. Ndachedwa. Ndipitireniko."

"Maondo, bambo."

"Pali msewu wozungulira uja wodzera kumtunda. Ndikupezerani kabaza, njinga yamoto, akutengeni pakhomo ndi kukubwezani pakhomo."

"Ine pa njinga yamoto? Anthu aziti aphunzitsi apenga."

"Aziti aphunzitsi akukavota."

Anapuma mozama. Ndinamva akuthamangitsa nkhuku. "Ndipita. Koma tamvera. Usandiuze womuchonga. Ukangotchula dzina, ndikhala."

Miyezi inayi ya kafukufuku, mayina onse aja, ndi kumene anakwatira. Ndinameza zonse. Ndinati chabwino.

Wa kabaza anapezedwa ndi mlongo wanga, bambo wachikulire wa ku tchalitchi kwawo amene amayendetsa njinga ngati wanyamula mazira. Tsiku lachisankho kuno linali tsiku wamba. Ndinaperekeza mwana kusukulu, ndinagula ndiwo, ndinatsegula kompyuta ya munthu wina n'kuitsekanso osakonza kanthu. Foni ndinkaiyang'ana ngati mphika wa mkaka pamoto. Mayi a kunyumba anaimba kawiri ali kuntchito kufunsa ngati apongozi awo anyamuka, zimene zinandionetsa kuti matendawa ndi opatsirana.

Itangopitirira 12 koloko chithunzi chinafika. Chinali chosaoneka bwino, chojambulidwa mothamanga: dzanja la amayi, makwinya ake, mphete ya abambo, ndi chala chamkombaphala chakuda mpaka pa chikhadabo. Kumbuyo kunkaoneka khoma la kalasi imene anaphunzitsamo. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mwamuna wamkulu ayenera kuyang'anira chala.

Ndinawaimbira.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Msana wonse wagwedezeka. Koma mzere unali wokhotakhota, ndawongola."

"Ndiye mwachonga ndani?"

"Voti ndi yachinsinsi, bambo."

"Ngakhale kwa ine amene ndatumiza njinga?"

"Makamaka kwa iwe. Ukufuna anthu aziti unandigula?"

Mpaka lero sindikudziwa. N'kutheka kuti anavotera yemwe ndinkamunyoza pa gulu la abale uja. Mlatho sunamangidwe. Khansala watsopano ndamulembera makalata awiri, ndipo wayankha imodzi, ponditchula kuti nzika yokhudzidwa, udindo waukulu kuposa wonse umene ndinakhalapo nawo. Kalembera wotsatira ndidzakwera basi, masiku awiri pamsewu, ndipo mayi a kunyumba ati adzandiperekeza kuti adzaone ndi maso awo.

Madzulo a tsikulo mlongo wanga anandiuza chimene amayi sananene. Njinga itafika pakhomo, amayi anakana kukwera okha. Anapita kwa anzawo a nyumba yoyandikana, mayi wamasiye amene nayenso anali atanena kuti sapita, n'kuwauza kuti mwana wawo wa ku Kenya watumiza transipoti ndipo kuikana ndi mwano. Anakwera awiri, atagwirana m'chiuno, kampando kali pamutu, wa kabaza akupemphera njira yonse. Bamboyo sanawonjezere mtengo. Anati aphunzitsi anamuphunzitsa kulemba dzina lake.

Ulendo wonse, kupita ndi kubwera, pamodzi ndi ndalama yodula potumiza pa foni, unandidyera mashilingi 420.