Azakhali anabatizidwira m'thanki

Lamlungu lapitali azakhali anga, a Felesiya, anabatizidwa. Musaseke. Imvi zili mbuu, ndipo abusa atatu anakalamba akuwanyengerera. Ife a ku Nsanje tikati ayi, ndiye kuti ayi.

Chaka chino matenda a shuga atawagwetsa kawiri, anavomera okha. Koma anaika lamulo limodzi: awamize pa dziwe la mumtsinje kumunsi kwa Chirimba, pamene malemu amuna awo anabatizidwira, iwo akuonerera pamtunda ndi mwana kumsana.

Loweruka tinapita nawo kukaona malowo, ine, abusa ndi Yohane, mwana uja anali kumsana. Fungo linatichingamira tisanafike. Madzi ali bii, thovu pamwamba, matewera ndi majumbo zitakodwa m'mabango. Abusa anayang'ana madziwo, kenako chilonda chimene chili paphazi la azakhali.

"Mayi, muno sindikulowetsani. Chilonda chimenecho chikamwa madzi awa, kuchipatala akadula phazi."

"Bambo ake a Yohane analowa mommuno," anatero azakhali motsitsa mawu. "Mchenga unkaoneka pansi."

Yohane anangowerama. Amagwira ntchito pa fakitale ina kumtunda kwa mtsinjewo, ndipo paipi imene imalavula zakudazo amaidziwa. Ntchito yomweyo ndi imene imawagulira mayi ake mankhwala.

Ndiye mundiuze, owerenga, ndikalipire ndani?

Tonsefe tinabwera m'tauni muno kudzafuna ntchito. Tinalira mafakitale, anabwera. Tinamanga nyumba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, zimbudzi n'kuzilozetsa kumadzi. Matewera aja sanagwe kuchokera kumwamba, ndipo ndikuopa kuti ena ndi a mwana wanga.

Chitukuko ndimachifuna, ndisaname. Sindikulakalaka kubwerera ku koloboyi. Koma kodi ndani analamula kuti mwana akapeza ntchito, mtsinje ufe? Kusefa madzi oipa asanatayidwe si matsenga. Timangoona ngati mtsinje ulibe mwini, chifukwa eni ake ndi anthu amene sadziwa ofesi yokadandaulako.

Lamlungu amayi a mumpingo anatunga madzi a pampopi n'kudzaza thanki ya pulasitiki yodula pamwamba, kuseri kwa tchalitchi. Yohane anawanyamula mayi ake ngati khanda n'kuwalowetsamo. Kwaya inaimba. Ine ndinalira, ndisabise, chifukwa ndinkadziwa kuti mtima wawo unali kudziwe kuja.

Azakhali atatuluka, akunjenjemera m'chitenje, Yohane anagwada pamaso pawo.

"Amayi, pepani. Ntchito ija ndikhoza kuisiya."

"Usiye kuti tidye chiyani, mwanawe? Mawa ulawirire, usachedwe."

Anamusisita mutu ndi dzanja lonyowa, madzi akutsikira m'kolala ya shati yake.

"Koma ukawauze abwana akowo kuti kumunsi kuno kuli anthu."