Kachiwala Akana Bwato

Ndikukumbukira bwino, ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu kwa Tengani, madzi atangophwa m'madambo. Tinkakonzeka kuwoloka Shire kukakhala ku dimba mpaka nthawi yokumba mbatata. Ndinali ndi galu wanga, Kachiwala, wowonda miyendo, wamantha osati masewera. Tambala akangokupiza mapiko, iye ali kale kuseri kwa nkhokwe. Bwato ndiye sankafuna n'kuliona komwe.

Bambo sanazungulire. "Loweruka tikuwoloka. Galu wakoyo akakana kukwera, atsala. Sindingagubuduze bwato pakati pa ng'ona chifukwa cha galu." Kutsala ndinkakudziwa: pakhomo popanda munthu, njala, afisi.

Ine ndi liuma langali, Lolemba m'mawa ndinamumanga chingwe m'khosi n'kumukokera kudooko. Atakakamira pamchenga, ndinamukwapula ndi bango. Analira, anadzikodzera, chingwe n'kupulumuka. Tsiku lonse ankandizemba ngati mlendo, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Azakhali anga, amene ankagulitsa nsomba zouma ku Marka, anaona zonsezo. "Wamumenya eti? Ndiye bwatolo lasiya kugwedera?" anandifunsa. "Uyu anabadwa chonchi, mwanawe. Usamufunire mtima wa galu wa eni."

Tinakokera bwato lakale lobooka pansi pa mtengo wa msawu. Azakhali anandipatsa mitu ya mlamba yowamba, yonunkhira utsi, nati ndiike umodzi pamchenga, wina m'mphepete, wina m'kati. "Lowa, uzisenda nyemba zako. Osamuitana, osamuyang'ana."

Kudikira kumeneko kunandivuta kuposa kulima. Lachiwiri anangotola wa pamchenga n'kuthawa nawo. Lachitatu anaponda m'mphepete ndi miyendo yakutsogolo, ine chimwemwe, n'kuwomba m'manja. Galu uyo, liwiro. "Manja akowo ukadawakhalira," anatero azakhali akuseka. Lachinayi ndinawakhaliradi, ndipo analowa, anadya, n'kutuluka. Lachisanu anagona pamapazi panga, azakhali akugwedeza bwato pang'onopang'ono. Ndinkamva mtima wake ukugunda pa zala zanga.

Loweruka tinapakira mphasa, makasu ndi nkhuku. Kachiwala anaima patali ndi madzi, mchira uli pakati pa miyendo. Bambo anagwira nkhafi nandiyang'ana. Ndinalowa, ndinakhala pansi, n'kuika mutu wa mlamba pamapazi panga. Sindinamuitane. Ndinangoyang'ana kutsidya. Bwato litayamba kukwekwereza pamchenga, ndinamva mphuno yozizira ikundigunda mwendo.

Ananjenjemera ulendo wonse, mutu ataubisa m'chitenje changa. Titafika, bambo anati, "Koma mantha ake sanathe."

"Ndani anati athe, achimwene?" anayankha azakhali, amene anawoloka nafe. "Wawoloka."

Kachiwala anakalamba ali wamantha chomwecho, ndipo sindinamukwezerenso dzanja. Lero ndimaphunzitsa ana a sitandade wani ku Chikwawa. Chaka chilichonse pamakhala mmodzi wokakamira pakhomo la kalasi, misozi chuchuchu, mayi ake atathyola kale kamtengo. Ndimawapempha kuti akataye. Ndikudziwa tsopano kuti ndodo imangowonjezera chinthu chachiwiri choti mwana aziopa, ndipo chinthucho ndi iwe. Ndimamuikira kampando pafupi ndi chitseko, n'kupitiriza kuimba ndi anzake. Ena amalowa Lachitatu, ena mwezi utatha. Sindinaonepo amene anatsala panja.