Magazi amene ndinkawasirira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinkasirira matenda. Kwathu, kuseri kwa Nsanama, anyamata onse amsinkhu wanga ankakodza magazi, ndipo tinkakhulupirira kuti chimenecho n'chizindikiro choti mwamuna wakula. Tikamachokera ku madarasa ankandanda pachulu, aliyense kuonetsa kufiira kwake. Mkodzo wanga unalibe ngakhale kadontho ka magazi, ndipo zinkandiwawa koopsa.

"Iwe bwerera ukayamwe," ankatero Saidi, mtsogoleri wathu.

Ondilepheretsa anali mayi. Sankalola kuti ndizipita kudambo kumene anzanga ankasambira ndi kugwira matemba m'minda ya mpunga. Ine ndinkasamba madzi apamjigo ngati mlendo. Ndiye mayi atapita ku Balaka kukadwazika mng'ono wawo, ndinayamba kulowa m'dambomo tsiku ndi tsiku, matope ofunda akutuluka pakati pa zala, tinkhono tikuphwanyika kumapazi. Patapita miyezi magazi anabwera. Ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba.

Oyamba kuwauza anali a mjomba, achimwene awo a mayi. Ndinawapeza akuluka mkeka pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinkayembekezera kuti andigwira chanza. Iwo anaika mlaza pansi.

"Ndiye wakondwa?"

"Eee, mjomba. Ndakula."

"Iyayi, mwanawe. Ine ndinayamba ndili ngati iweyo, ndipo ndinanyada kuposa iwe. Unayamba waonapo mwana pakhomo panga pano?"

Ndinkadziwa kuti akazi awo anachoka, koma chifukwa chake ana sitinkauzidwa.

"Achipatala anandiuza mochedwa kuti ndi likodzo, tizilombo ta m'madzi omwewo. Tinali titawononga kale m'kati. Kavale malaya."

Anandikweza panjinga mpaka kuchipatala. Mapiritsi ake anali akuluakulu, owawa, ochititsa nseru, koma mkodzo unayera. Anzanga anandiseka mpaka kutopa okha, ine osabwereranso kudambo.

Lero ndikudziwa kuti matenda akagwira mudzi wonse amasiya kutchedwa matenda, anthu amawapatsa dzina laulemu. Ndikudziwanso kulemera kwa zimene a mjomba anachita. Munthu wamkulu, wopatsidwa ulemu kumzikiti, anavula manyazi ake pamaso pa kamwana kuti pakhomo panga padzamveke phokoso limene pawo silinamveke. Mwana wanga woyamba atabadwa ndinakamuika m'manja mwawo, ndipo dzina anamutcha ndi iwowo.