Tsiku limene ndinaperekeza bokosi lopanda munthu

Tsiku limenelo kunacha ndi mphepo ya mwera. Unali mwezi wa Juni, fumbi likuuluka m'minda yokololedwa kale, mapesi ouma akuchita phokoso kuseri kwa nyumba. Chigayo cha pa Mitundu chinali chitayamba kale kulira. Ine ndinali pakhonde, nditavala jekete, ndikuwerenga Salimo monga ndakhala ndikuchitira chimwalirireni mkazi wanga.

Pamenepo inafika lole, kutsogolo kwake atamangako nthambi zaziwisi. Anatsikamo mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga. Anakulira m'nyumba mwathu, ndipo nthawi imeneyo anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya.

"Alamu, tagwa m'zovuta," anatero. "Tenanti wathu wina watisiya dzulo. Kwawo n'kutali, koma ali ndi achibale ku Nathenje. Munthu sangayende ngati thumba la chimanga, popanda womupempherera. Tiyeni mukatiperekeze."

Ndinali mkulu wa mpingo, ndipo maliro ambiri a kuno ndinkatsogolera nyimbo ndine. Pa zovuta munthu sachulutsa mafunso. Ndinatenga buku la nyimbo n'kukwera kumbuyo.

Kumbuyoko anayala lona, pamwamba pake mphasa, ndipo bokosi linali pakati. Panali amayi anayi, mmodzi wa iwo mkazi wa mlamu wangayo. Ndinapemphera, tinanyamuka tikuimba. Fungo la fodya ndinalimva, koma nyengo imeneyo lole iliyonse ya kuno imanunkha fodya, kotero sindinaganize kanthu.

Titadutsa Bunda, lole inagwera m'dzenje. Bokosi linadumpha n'kulira ngati ng'oma. Ndinaligwira kuti lisatsetsereke, ndipo linabwerera ndi dzanja limodzi lokha. Mkazi wanga anamwalira atatha thupi, komabe bokosi lake amuna asanu ndi mmodzi ankasinthana mapewa. Ndinapisa dzanja pansi pa lona pomwe ndinakhala. Ndinakhudza chiguduli ndi msoko wa belo la fodya.

"Kodi malemuwa dzina lawo ndani?" ndinafunsa.

Amayiwo anayang'anizana. Mkazi wa mlamu wanga anakokera chitenje kumaso n'kuyambitsa nyimbo ina.

Ndikanatha kumenya denga la lole kuti aime, nditsike. Kuyambira pamenepo kufika pa rodibuloko ya apolisi panali mtunda wokwanira kuimba nyimbo zitatu, ndipo zonse zitatu ndinaimba. Ndinkangoona mlamu wanga ali m'maunyolo, ndiponso nkhope ya mlongo wake amene anamulera.

Wapolisi amene anatiimitsa ankandidziwa, pakuti anapempherako mumpingo mwathu. Atandiona anavula chipewa.

"Pepani, abambo. Ndani watisiya?"

"Ndi tenanti, mwana wanga," ndinayankha. "Tikukamutula ku Nathenje."

"Muyende bwino. Mulungu akutonthozeni."

Sanayang'ane n'komwe pansi pa mphasa. Ku Nathenje lole inakhotera kuseri kwa nyumba ina ya mpanda, ndipo amuna anayamba kutsitsa mabelo. Mlamu wanga anafuna kundipatira kanthu m'manja. Ndinakana, n'kubwerera kwathu pa kabaza, osauza munthu aliyense.

Patapita masabata awiri, eni esiteti anazindikira kuti fodya wasowa. Dalaivala atafunsidwa anaulula zonse, ndipo apolisi anabwera kudzanditenga. Ndinagona m'chitokosi masiku awiri akulu anzanga a mpingo asanadzanditulutse kuti ndizidikira mlandu ndili kunyumba.

Aliyense wodzandizonda ankandiuza chimodzimodzi. Mwana wanga wamkazi anachita kugwada.

"Ababa, mukangonena kuti simunadziwe, basi. Ndani analowa mumtima mwanu? Pa msinkhu wanuwu, ndende ikuphani."

Sankanama. Chifuwa changa sichipirira kuzizira, ndipo ndende ndinkaiopa kwambiri.

M'khoti, woweruza anali mayi wolankhula mosathamanga. Anandifotokozera kuti lamulo silisiyanitsa kwenikweni wakuba ndi womuthandiza. Wogwira makwerero, woyang'ana kunjira, wobwereketsa ngolo, onse amayankha mlandu womwewo, malinga ngati ankadziwa chimene chikuchitika. Kukana mphoto sikuchotsa mlandu. Koma munthu wonamizidwa, amene sanadziwe, alibe mlandu.

Asanandifunse ine, anafunsa mkazi wa mlamu wanga chifukwa chimene ananditengera.

"Tinkadziwa kuti akakhalapo iwowa, palibe angatisechere," anayankha. "Amuna anga anati nkhope ya alamu ndi chiphaso."

Anthu ena anaseka. Mawu amenewo anandipweteka kuposa simenti ya m'chitokosi.

Kenaka woweruza anatembenukira kwa ine.

"Bambo, pamene munkayankha wapolisi uja, munkadziwa kuti m'bokosi mulibe munthu?"

Mlamu wanga anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, kundiuza kuti ndikane. Mwina ankafuna kundipulumutsa. Koma m'mawa womwewo ndinali nditagwira Baibulo n'kulumbira.

"Pokwera sindinadziwe," ndinatero. "Ndinadziwira m'njira. Pa rodibuloko ndinkadziwa."

Anandipeza wolakwa. Poona msinkhu wanga, ndiponso kuti sindinalakwepo kale, sananditumize kundende. Analamula kuti kwa miyezi itatu ndizikasesa pa chipatala chaching'ono cha kwathu. Mlamu wanga ndi dalaivala anawamanga. Amayi aja anawapatsa chilango chonga changa.

Mpingo nawo unandiimitsa paukulu, ndipo sindinadandaule. Chimene chinandilemera n'chakuti mwezi wotsatira anamwalira mnansi wanga, mnzanga wa paubwana, ndipo ndinakhala kumbuyo, wina akutsogolera nyimbo. Kuchipatala anthu amene ndinawaikira maliro a abale awo ankandipeza ndi tsache. Ena ankandipatsa moni monga kale, ena ankayang'ana kumbali.

Nthawi yonse imene mlamu wanga anali kundende sindinapite kukamuona. Ndinkamupempherera ndi pakamwa, koma mtima unali usanafike.

Atatuluka, anabwera ndi mkazi wake tsiku lina masana, ndikusenda chinangwa. Sanafike pakhonde. Anakhala pansi kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi nkhokwe. Mlamu wangayo anali ataonda, ndipo dzino limodzi lakutsogolo linali litachoka.

"Alamu, tilibe mawu," anatero. "Tinakugwiritsani ntchito ngati chikopa."

"Munandinamiza pokwera," ndinamuyankha. "Koma pa rodibuloko pakamwa panali panga. Pamenepo musadzisenzetse."

Mkazi wake anayamba kulira mwakachetechete. Ndinawayang'ana nthawi yaitali, kufunafuna mkwiyo umene ndinausunga miyezi yonseyo, ndipo ndinapeza kuti watsala wochepa, wosayenera kuusunganso. Ndinawauza kuti asendere pamthunzi.

Ndinawakhululukira.